Kujambula nsidze ndi kuboola makutu pakhomo: malamulo a kuno ku UK akuti chiyani?

Nachisale, Cardiff: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga anabwera chaka chatha kutsatira amuna ake. Asanabwere anakhalitsa ku Joni, ndipo kumeneko anaphunzira kujambula nsidze, zija amati microblading, komanso kuboola makutu ndi mphuno. Dzanja lake ndi labwino, amene anaona nsidze zanga ku ukwati uja andichitira umboni. Tsopano akufuna ayambe kugwirira m'chipinda chimodzi kunyumba kwawo, poti azimayi a kutchalitchi sakumupatsa mpata. Wina wamuopseza kuti akayamba popanda pepala la khonsolo zimuvuta. Ndi zoona zimenezi, kapena ndi nsanje chabe?

Bambo a Mphatso, Leeds: Nsanje imeneyo mayi. Azimayi angati akuluka tsitsi m'nyumba zawo kuno? Ena akukazinga mandasi n'kumagulitsa pa WhatsApp, ndani anagwidwapo? Ayambe basi. Mukamamvera za mapepala a anthu akunowa simudzagwira kalikonse.

Mayi a Tadala, Luton: Kkkk Bambo a Mphatso, inu mukamalangiza munthu pamafunika wina aime pambali atagwira nambala ya loya.

Anaphiri, Newport: Bambo a Mphatso, musamugwetsere m'mavuto mwana wa eni. Kuluka tsitsi sikutulutsa magazi. Microblading ndi kucheka khungu ndi timasingano tondondozana n'kulowetsamo inki, ndipo lamulo la kuno ku Wales limaiwerengera pamodzi ndi tattoo, ngakhale kuti imazilala pakapita chaka kapena ziwiri. Kuyambira pa 29 Novembala 2024, aliyense wojambula tattoo, woboola thupi, wobaya timasingano ta acupuncture kapena wochotsa cheya ndi magetsi ayenera kukhala ndi laisensi ya dzina lake. Lamulolo linavomerezedwa kale mu 2017, koma gawo la malaisensi linachedwa kuyamba kugwira ntchito. Ndipo si munthu yekha. Malo ogwirirapo nawonso amafuna chilolezo chawochawo, kaya ndi saluni ya m'tauni, kaya ndi chipinda cha kunyumba, kaya ndi galimoto. Kugwira popanda zimenezi ndi mlandu, ndipo chindapusa chake alibe pomwe anachilekezera. Amene anamuopseza uja wamuchitira chifundo.

Nachisale, Cardiff: Eeh, ndiye mapepala awiri? Nanga satifiketi yake ya ku Joni ija sangaitenge?

Anaphiri, Newport: Satifiketi ya ku Joni ikusonyeza kuti amadziwa kujambula. A khonsolo sikwenikweni kukongola kwa nsidze komwe akufuna, akufuna aone kuti munthuyo sangapatsire anthu matenda. Ndiye pali kosi yaifupi ya Level 2 ya kapewedwe ka matenda opatsirana, yokonzedwera anthu a ntchito zimenezi, ndipo pamathero pake pali mayeso. Kenako amafuna pepala la DBS losonyeza mbiri ya milandu, inshuwalansi, ndi umboni woti wakwanitsa zaka 18. Laisensi imakhala zaka zitatu, ikatha ukonzetsenso. Ili ndi chithunzi cha mwiniwake, ndipo mayina a onse ovomerezedwa ali pa mndandanda wa pa intaneti woti kasitomala aliyense akhoza kuona. Akadzayamba kulengeza pa Facebook kuti akujambula nsidze ku Cardiff, opikisana naye oyamba kuona ndiwo adzayang'ane dzina lake pa mndandandawo. Osadandaula za apolisi, dandaulani za saluni ya pa kona.

Nabanda, Midlands: Ine ndili ndi saluni kuno ku England ndipo timaboola makutu ndi kujambula nsidze. Zomwe akunena Anaphiri ndi za Wales. Kuno makhonsolo ambiri amayendera lamulo la 1982. Umalembetsa dzina lako ndi malo ako, umalipira kamodzi, amabwera kudzaona, basi pepala lako ulipachike pakhoma. Silitha ntchito. Palibe mayeso omwe lamulo limakukakamiza kulemba, ndipo khonsolo siingakukanize kulembetsa chifukwa chongokukayikira luso. Kunena zoona, munthu akhoza kugula makina lero, kulembetsa mawa, mkuja n'kuyamba kubaya anthu. Ine ndinaphunzira chifukwa ndinafuna ndekha komanso a inshuwalansi sakanandilandira popanda satifiketi.

Angozo, London: Koma musanene kuti England yonse, Nabanda. Kuno ku London makhonsolo ambiri a madera, omwe amati ma borough, amayendera lamulo lina la 1991. Amapereka laisensi ya zomwe amati special treatments, ndipo imakonzetsedwa chaka ndi chaka. Mtengo wake ndi zofunika zake zimasiyana ukangodutsa malire a khonsolo. Munthu wa ku Croydon ndi wa ku Camden sangauzane zoyenera kuchita.

Bambo a Mphatso, Leeds: Mwaonatu. Dziko limodzi, singano yomweyo, khungu lomwelo, koma ku Cardiff mayeso, ku Leeds kungolembetsa, ku London kulipira chaka chilichonse. Zikanakhala za umoyo bwenzi lamulo lili limodzi. Ndi misonkho imeneyi, angoivekapo malaya oyera.

Anaphiri, Newport: Kusiyanako n'chifukwa choti nkhani za umoyo Wales, Scotland ndi Northern Ireland zimadzipangira zokha malamulo. Koma zoti ndi msonkho chabe, ayi bambo. Lamulo la Wales lili ndi pomwe linachokera, ndipo ndi tauni ino yomwe ndikukhala. Cha m'ma 2015 kuno ku Newport achinyamata angapo anagonekedwa m'chipatala ataboola m'thupi pamalo amodzi, atalowedwa ndi kachilombo kotchedwa Pseudomonas. Ena mpaka anachitidwa opaleshoni. Azaumoyo atafufuza anaitana anthu mazanamazana omwe anadutsa pamalopo kuti akayezetse magazi, kuona ngati sanatenge HIV kapena matenda a chiwindi, ndipo ambiri mwa iwo anali ana a sukulu. Pa nthawiyo Wales inkayendera kulembetsa komwe akufotokoza Nabandako.

Ndikuuzeni zomwe kachilomboka kamachita, poti ndine nesi ndipo khutu lotere ndinalionapo. Kunsi kwa khutu komwe timavala ndolo kuli mnofu ndi magazi okwanira, bala limapola msanga. Kumtunda kuli chichereŵechereŵe, magazi safikako okwanira, ndiye ngakhale mankhwala akumwa amavutika kufikako. Khutu limatupa, limafiira, limatentha, munthu sangagonere mbali imeneyo. Pakadutsa masiku ochepa mafinya amasonkhana pakati pa khungu ndi chichereŵechereŵe, ndipo chimayamba kufa. Adokotala amang'amba, amakhetsa mafinyawo, nthawi zina amadula chomwe chafacho. Likapola khutulo limakwinyika, siliwongokanso. Mtsikana wa zaka 15 n'kumakaphimba khutu ndi tsitsi moyo wake wonse chifukwa cha kandolo ka mapaundi ochepa.

Mayi a Tadala, Luton: Mayo ine. Thupi langa lachita tsemwe.

Chikondi, Glasgow: Anti Anaphiri akunena zoona. Ndiwonjezere kuti kamfuti kaja amaboolera m'mashopu a ndolo si kabwino kumtunda kwa khutu. Sikaboola ndi chinthu chakuthwa, kamakankha ndolo yobuntha mwamphamvu, ndipo poti n'kapulasitiki sikangalowe m'makina ophera tizilombo ndi nthunzi. Oboola enieni amagwiritsa singano yobowoka pakati, yotsegula pamaso pako, ikagwira kamodzi n'kutaya. Ine yanga ya pamphuno anandiboola choncho. Ankolo a ku Leeds musandiyang'ane choncho, agogo anga ku Mangochi ali ndi chipini mpaka lero kkk.

Bambo a Mphatso, Leeds: Agogo akowo anawaboola ndani, anali ndi laisensi?

Chikondi, Glasgow: Analibe, koma sankaboola anthu makumi awiri pa Loweruka limodzi ndi chida chimodzi.

Nabanda, Midlands: Nachisale, ndikuuzeni zomwe woyendera anayang'ana kwa ine, kuti mng'ono wanuyo aone ngati chipinda chakecho chingakwanire. Sanayambe ndi masatifiketi. Anayamba n'kuyang'ana pansi. Kapeti ndi ayi, pafunika pansi poti dontho la magazi likagwa upukute lichoke. Anafuna sinki yosambira m'manja yokhayokha m'chipinda momwemo, ya madzi otentha ndi ozizira, osati ya kukhitchini kapena kubafa komwe ana akusambirako. Anagwira mpando wogonekapo kasitomala kuona ngati chikopa chake sichinang'ambike, chifukwa pong'ambikapo ndi pobisala dothi. Anatsegula kabati n'kutenga paketi ya masingano, kuwerenga tsiku lothera ntchito. Anafunsa kabokosi kachikasu kotayamo masingano, kenako anati ndimuonetse pangano langa ndi kampani yomwe imabwera kudzatenga zinyalalazo, poti sungaponye singano ya magazi m'bini ya khonsolo. Pomaliza anafuna aone fomu yomwe kasitomala amasaina, momwe timafunsa za shuga, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, mimba, ndi ngati khungu lake limatupa zipsera. Zonsezi ndi ku England komwe ndati n'kofewa. Ku Wales ndiye muyembekezere zoposa apa.

Nachisale, Cardiff: Chipindacho chili ndi kapeti, ndipo sinki mulibe. Nyumbanso ndi ya lendi.

Nabanda, Midlands: Ndiye landilodi ayambe wavomera, ndipo ambiri mapangano awo amaletsa bizinesi yolandira anthu pakhomo. Nzeru yanga ndi iyi: asiye za kunyumba. Apeze saluni yomwe malo ake ndi ovomerezedwa kale, achite lendi mpando masiku awiri pa sabata, iye angotenga laisensi ya dzina lake. Mutu umodzi wachoka.

Mbewe, Reading: Pali chinthu chomwe palibe wafunsa, ndipo kwa ife obwera n'chachikulu kuposa kapeti. Ali pa visa yanji? Wa visa ya sukulu saloledwa kudzilemba yekha ntchito, ngakhale atajambula munthu mmodzi pa mwezi. Wa visa ya ntchito, monga ambiri a ku care osamalira okalamba ndi odwala, ntchito yapambali ili ndi malire a maola 20 pa sabata, ndipo si mtundu uliwonse wa ntchito womwe umaloledwa. Wobwera motsatira mwamuna kapena mkazi yemwe ali pa visa ya ntchito, ameneyo akhoza kuchita bizinesi yake. Chinanso, ndalama zolowa zikadutsa mapaundi 1,000 pa chaka ayenera kudziwitsa a HMRC, otolera misonkho kuno. Ndipo kumbukirani kuti mlandu wogwira popanda laisensi ukakupeza wolakwa kukhoti, umakadikira pa fomu ija yopempha kukhazikika, pomwe amafunsa za milandu. Nzika ya kuno ilipira chindapusa n'kuiwala. Ife ayi.

Nachisale, Cardiff: Anatsatira amuna ake, iwo ndi amene ali pa visa ya ntchito. Apo ndiye tapuma. Zikomo achimwene.

Bambo a Mphatso, Leeds: Apa a Mbewe mwalankhula za nzeru. Za visa sindikutsutsa.

Mayi a Tadala, Luton: Poti nkhani yafika pa ana, ndifunse nanenso. Wanga wa zaka 16 wandiimika pakhosi kuti akufuna tattoo ya kaduwa padzanja. Akuti mnzake wa m'kalasi anajambulidwa ndi mnyamata wina yemwe anagula makina pa intaneti, ndipo akuti ine ndikangosaina kalata ku shopu amulandira. Ine sindikufuna n'komwe, koma ndidziwe, kusaina kwanga kuli ndi mphamvu?

Mbewe, Reading: Kulibe mphamvu mayi. Lamulo la 1969 limaletsa kujambula tattoo munthu wosakwana zaka 18, kholo livomere kapena likane. Chokhacho chololedwa ndi ngati akuchita dokotala pa zifukwa za chipatala. Wolakwa ndi wojambulayo, osati mwanayo, ndipo angapulumuke pokhapokha atasonyeza kuti anali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwanayo ndi wamkulu. N'chifukwa chake shopu yolongosoka imafuna ID isanakhudze munthu. Mnyamata wa makina a pa intanetiyo walakwira malamulo awiri, la zaka ndi la kulembetsa.

Mayi a Tadala, Luton: Ndiye ndikamuuza kuti si ine wokana, ndi boma. Kkkk mwandipatsa pobisala zaka ziwiri.

Angozo, London: Chodabwitsa n'choti pa kuboola England ilibe lamulo la dziko lonse lonena za zaka. Mashopu amaika okha malire, makhonsolo ena a ku London amaika m'malaisensi awo, koma lamulo ngati la tattoo lija palibe. Mwana sangajambulidwe kaduwa, koma mchombo akhoza kupeza womuboola.

Chikondi, Glasgow: Kuno ku Scotland malaisensi anayamba mu 2006. Wosakwana zaka 16 saboola pokhapokha kholo libwere naye n'kusaina.

Anaphiri, Newport: Ku Wales kuyambira Febuluwale 2018 n'koletsedwa kuboola wosakwana zaka 18 pa lilime, mawere, matako ndi ziwalo zobisika, kholo livomere kapena ayi. Lilime analiika pamenepo chifukwa likatupa limatha kutseka mpweya, komanso limataya magazi kwambiri.

Nangozo, Bristol: Nanga ife timaboola ana akhanda makutu? Wanga anamuboola apongozi anga ali ndi miyezi itatu, ndi singano yosokera yowotcha pa moto ndi ulusi. Tinalakwa?

Anaphiri, Newport: Ku England malamulo a kulembetsa aja amakhudza wochita ngati bizinesi. Gogo woboola mdzukulu wake si bizinesi. Koma khutu likatupa mukapita naye kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, mafunso adzakhalapo, ndipo mudzayankha ndinu make. Zikangoti azimayi a kutchalitchi akubweretsa ana awo n'kumasiya kenakake pa tebulo, imeneyo ndi bizinesi, musadzinamize kuti ndi kuthandizana.

Chinanso chomwe ambiri oboola kuno sanaphunzitsidwe bwino ndi khungu lathu. Ife akuda timatupa zipsera kawirikawiri kuposa azungu, zija zimakula kupitirira pomwe panali bala n'kulendewera kunsi kwa khutu, keloid. Zimakonda khutu, pachifuwa, m'mapewa ndi m'nsagwada. Ukachidula chimatha kubwerera chachikulu. Ngati m'banja mwanu muli wina wotere, ganizani kawiri. Apa ndi pomwe ndikuona kuti mng'ono wa Nachisale akadzakhala ndi mapepala ake adzathandiza anthu, chifukwa wagwirapo khungu lakuda ku Joni ndipo akudziwanso inki yomwe imaoneka bwino pa ife osasanduka yotuwa.

Achisale, Lilongwe: Ine ndimangowerenga muli kunjako, koma lero ndilankhule. Mukuchita ngati kudzicheka pakhungu n'kwachilendo. Amayi anga akulu anali ndi mphini kumaso ndi pamimba, zokongoletsa, anatemedwa ali namwali. Enafe tili ndi mphini za mankhwala m'malo olumikizira mafupa, asing'anga anatitema ndi lezala n'kupakamo zakuda. Makutu atsikana ankaboolana ndi munga n'kusiyamo kaudzu kuti pasatsekeke. Chomwe chinasintha zinthu kuno si laisensi, ndi Edzi. Mauthenga atafika pa wailesi oti lezala limodzi munthu mmodzi, anthu anayamba kupita kwa asing'anga atanyamula lezala lawo latsopano, ndipo ku zinamwali nkhani inali yomweyo. Mantha anachita zomwe pepala silikanachita.

Anaphiri, Newport: Zoona achimwene, ndipo uthengawo unathandiza. Koma tinaphunzira kuopa HIV n'kuiwala mnzake woopsa pa singano. Munthu akabayidwa ndi singano yomwe yagwira magazi a HIV, mwayi wotenga ndi pafupifupi 3 pa 1,000. Hepatitis B, matenda a chiwindi aja, ikhoza kufika 30 pa 100 ngati mwini magaziwo ali ndi kachilombo kochuluka, ndipo imakhala yamoyo m'magazi ouma pa tebulo kwa sabata yathunthu. Si lezala lokha, ndi kapu ya inki, magolovesi, nsalu yopukutira. Ku Malawi katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana mu 2002, kuno ku UK ana onse anayamba kulandira mu 2017. Ambirife pagulu pano tinabadwa zisanafike zaka zimenezo. Aliyense wofuna kugwira ntchito ya masingano ayambe wayezetsa n'kubayitsa katemerayo.

Bambo a Mphatso, Leeds: Funso langa ndi ili tsono. Munthu wamkulu, wanzeru zake, akufuna mphini ngati za agogo ake, wapeza womutema, wasaina kuti wavomera. Boma likulowererapo chiyani pa thupi la eni?

Mbewe, Reading: Funso limenelo linafika kale kukhoti, ngakhale sizinali mphini. Ku Wolverhampton kunali munthu wolembetsedwa bwinobwino ndi khonsolo ngati wojambula ndi woboola. Anapitirira pamenepo: wina anamuchotsa khutu, wina nsonga ya bere, wina anamung'amba lilime pakati kuti likhale la nthambi ziwiri. Onsewo anachita kupempha okha, palibe anakakamizidwa. Mu 2018 khoti la apilo linati kuvomera kwa munthu sikuchotsa mlandu wovulaza kwambiri, chifukwa zimenezo ndi opaleshoni yochitidwa ndi munthu yemwe si dokotala, popanda chifukwa cha chipatala. Mu 2019 anamulamula kukhala m'ndende miyezi 40. Pepala la khonsolo silinamuteteze, chifukwa limangokhudza tattoo ndi kuboola.

Komano mu 1996 khoti lomwelo linamasula bambo wina yemwe analemba zilembo za dzina lake pa matako a mkazi wake ndi mpeni wotentha, mkaziyo atapempha yekha. Oweruza anati zimenezo sizikusiyana kwenikweni ndi tattoo. Ndiye mzere ulipo, koma sanaujambule poonekera. Timphini tating'ono pa munthu wamkulu tili pafupi ndi mlandu wa 1996, kudula chiwalo kuli ku mlandu wa 2018, ndipo pakati pamenepo munthu wanzeru sangafune kuti mlandu wake ndiwo ukhale woyesera.

Pa mwana ndiye palibe zokambirana. Mphunzitsi kapena nesi akaona mabala a lezala pa mwana ali ndi udindo wodziwitsa oteteza ana, ndipo kunena kuti ndi mankhwala a kwathu sikutseka fayilo. Ndiponso lamulo la 1969 lija limati tattoo ndi kulowetsa pakhungu chinthu cha mtundu kuti chisiye chizindikiro chosatha. Mphini yokongoletsa yopaka makala ikulowa ndendende m'mawu amenewo.

Mayi a Tadala, Luton: Bambo wa mpeni wotenthayo akanakhala wanga bwenzi khoti likuweruza mlandu wina, wa ine kkkk.

Abusa Jere, Nottingham: Abale, ine ndingokumbutsa kuti thupi si lathu tokha. Chololedwa ndi boma sikuti n'chololedwa kumwamba.

Admin: Abusa, tamva, koma ya chikhulupiriro tiitsegulire tsiku lake. Tinaiyamba ulendo wina ndipo anthu atatu anatuluka pagulu. Lero tikhale pa malamulo.

Angozo, London: Ndibwerere kwa Bambo a Mphatso, chifukwa m'kukana kwawo muli kanthu koona. Lamulo likakhwima mopitirira limathamangitsira anthu kuseri. Ku South Korea khoti lalikulu linagamula mu 1992 kuti tattoo ndi ntchito ya chipatala, yoti achite dokotala yekha, ndipo mlanduwo unali wa nsidze zomwezi. Kodi madokotala anasiya odwala n'kuyamba kujambula anthu? Ayi. Ojambula anapitiriza m'zipinda zopanda chikwangwani, ena mpaka kutchuka dziko lonse lapansi, koma kwawo ali ophwanya lamulo. Woyendera ukhondo sangayendere malo omwe boma likuti kulibe, ndipo kasitomala akavulala amaopa kudandaula. Zinatenga zaka 33, mu Seputembala 2025 ndi pomwe nyumba ya malamulo yawo inavomereza kuti ojambula azipatsidwa laisensi, ndipo anaika zaka ziwiri zokonzekera lisanayambe kugwira ntchito. Ku Japan wojambula wina wa ku Osaka anakana kulipira chindapusa cha mayeni 300,000, analimbana mpaka khoti lalikulu linati mu 2020 tattoo siifuna laisensi ya udokotala. Mzinda wa New York unaletsa tattoo mu 1961 ponena za hepatitis B, unadzalolanso mu 1997, ndipo zaka zonsezo anthu ankajambulidwabe mobisa.

Bambo a Mphatso, Leeds: Eya, ndi zomwe ndikunena ine.

Angozo, London: Ayi bambo, simukunena zimenezo. Inu mukuti pasakhale pepala. Ine ndikuti pepalalo likhale loti munthu wamba angalifikire. Korea inkafuna digiri ya udokotala. Wales ikufuna kosi yaifupi, sinki ndi inshuwalansi. Mtsikana wochokera ku Joni angakwanitse zachiwirizi asanathe miyezi ingapo. Pomwe ndingagwirizane nanu ndi pa ndalama: zikakwera kwambiri, mayi wa ana awiri wogwira mashifiti a usiku adzasankha kubisala, ndipo tidzabwerera ku chipinda cha kapeti chija.

Nabanda, Midlands: Ndipo obisalawo amatipweteka ife olembetsa. Ine ndilipire lendi, inshuwalansi, otenga zinyalala, wina ajambule pa sofa ndi theka la mtengo wanga. Zikalakwika amabwera kwa ine kuti ndikonze. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina nsidze imodzi ili m'mwamba ina pansi, inki italowa mozama mpaka kusanduka yabuluu. Ndinamuuza kuti sindingaikepo ina pamwamba, apite kwa ochotsa inki ndi makina a laser, ndipo laser pa khungu lakuda imafuna wodziwa, apo ayi imasiya mawanga oyera. Womujambulayo foni anazimitsa, inshuwalansi analibe, mayiyo alibe kokadandaula.

Chikondi, Glasgow: Anti Nabanda, za inki, ija yotsika mtengo ya pa intaneti ndi yovomerezeka?

Nabanda, Midlands: Ine sindiyandikira. Botolo lopanda dzina la kampani, lopanda nambala ya gulu lomwe linapangidwira, lopanda tsiku lothera ntchito, lopanda mndandanda wa zomwe zilimo, ndimaliona ngati poizoni. Ku EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, anakhwimitsa za inki mu Januwale 2022, analetsa kapena kuchepetsa mankhwala masauzande, ndipo chaka chotsatira anachotsa mitundu iwiri yotchuka, wabuluu ndi wobiriwira. Northern Ireland inatsatira poti pa nkhani za katundu imayenderabe malamulo a EU. England, Wales ndi Scotland zinali zitatuluka kale, ndiye lamulolo silinalowe lokha. Ine ndimagula yolembedwa kuti ikukwaniritsa za EU, ndipo nambala ya botolo ndimailemba pa fomu ya kasitomala aliyense, kuti kampani ikadzati botolo lakuti linali ndi vuto ndidziwe woimbira foni.

Ndichenjezenso za henna yakuda ija amajambula ana kunyanja pa tchuthi. Henna yeniyeni ndi yofiirira. Yakudayo amathiramo mankhwala a dayi wa tsitsi otchedwa PPD, oletsedwa kupaka pakhungu, ndipo amatha kuwotcha khungu n'kusiya chithunzi chonsecho ngati chipsera. Munthu wotero amatha kudzatupa mutu wonse tsiku lomwe adzadaye tsitsi. Poti henna siboola khungu, malaisensi tikukambawa saikhudza n'komwe.

Nangozo, Bristol: Ine ndimapereka magazi. Ndikajambulitsa nsidze andikana?

Anaphiri, Newport: Mudikira miyezi inayi kuchokera tsiku lomwe mwajambulitsa kapena kuboola, kenako mupitiriza. Akafunsa muwauze, musabise.

Nachisale, Cardiff: Ndamuwerengera zonse mng'ono wanga. Akufunsa kuti pomwe akudikira laisensi, angamapite ku Bristol Loweruka kukajambula kumeneko, poti ndi England ndipo ndi kungowoloka mlatho?

Nabanda, Midlands: Akafunikabe kulembetsa ndi khonsolo ya kumeneko, iye ndi malo omwe akagwirirepo. Pepala la khonsolo imodzi siligwira ntchito kwa ina kuno ku England. Ubwino wa ya Wales ndi woti akaitenga ku Cardiff akhoza kugwira nayo ku Swansea kapena ku Newport, bola malowo akhale ovomerezedwa.

Nangozo, Bristol: Akalembetsa kuno mundiuze, ndikhala woyamba. Koma nyumba yanga ayi, nanenso ndi ya kapeti.

Bambo a Mphatso, Leeds: Nanga ine ndevu zanga zili ndi mipata, angandidzazire?

Nabanda, Midlands: Zimatheka bambo, amuna ambiri akupanga, ndevu ngakhale dazi. Koma mubwere ndi ID, ndipo musaina fomu ngati wina aliyense.